Kodi mumadziwa? Katswiri wa ku America amene anamumangira chipilala ku Beijing

Stephon Marbury anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu 1977. Anasewera basketball mu ligi ya NBA kuyambira 1996 mpaka 2009, ndipo kawiri konse anasankhidwa kusewera pa mpikisano wa akatswiri okhaokha. Koma chikho cha ligiyo sanachigwirepo. Pochoka n'kuti atayambana ndi akuluakulu a timu ya New York Knicks, ndipo ambiri ankati mpira wamuthera.

Mu 2010 anapita ku China. Atasewerera matimu a ku Shanxi ndi Foshan, analowa Beijing Ducks mu 2011. Apa ndiye zinamuyendera! Mu 2012 timuyi inagonjetsa Guangdong Southern Tigers n'kutenga chikho cha ligi ya CBA ya ku China koyamba m'mbiri yake, kenako inachitenganso mu 2014 ndi 2015. Ochemerera anamukonda kwambiri moti anamumangira chipilala panja pa bwalo lamasewera, ndipo mu 2015 munatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake. N'zosangalatsa kuona mlendo akulandiridwa chonchi. Boma la China linamupatsanso chilolezo chokhazikika m'dzikomo, chinthu chomwe alendo ochepa okha amapatsidwa.

Anasiya kusewera mu 2018, ndipo mu 2019 anakhala mphunzitsi wa Beijing Royal Fighters.