Matenda a shuga amafooketsa ubongo pang'onopang'ono

KARONGA – Anthu ambiri amadziwa kuti matenda a shuga amaononga maso, impso ndi mapazi, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti matendawa amafikanso ku ubongo komwe amachepetsa changu cha kuganiza ndi mphamvu ya kukumbukira.

Nkhaniyi ikukhudza ngakhale anthu a kumudzi monga a ku Vinthukutu, kummwera kwa boma la Karonga, komwe kwa nthawi yaitali matenda a shuga akhala akuonedwa ngati vuto la anthu olemera a m'tauni.

Pakati pa chaka cha 2013 ndi 2016, bungwe la Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit lidayeza anthu 28,891 a zaka 18 ndi kupitirira m'midzi yozungulira Chilumba, pafupi ndi Vinthukutu, komanso ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Ntchito ya bungweli ku Chilumba idayamba m'chaka cha 1979 ngati kafukufuku wa matenda a khate.

Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa m'chaka cha 2018, zidaonetsa kuti anthu awiri mwa 100 alionse m'midzi ya ku Karonga anali ndi matenda a shuga, pomwe ku Lilongwe anali atatu mwa 100 alionse. Mwa anthu 566 amene adapezeka ndi matendawa, 233 sankadziwa n'komwe kuti akudwala, ndipo mwa amene ankamwa kale mankhwala, oposa theka anali ndi shuga wokwerabe.

Izi zikutanthauza kuti pali anthu ambiri amene amatha zaka ali ndi shuga wochuluka m'magazi, ndipo m'zaka zimenezo ndi mmene ubongo umaonongekera mwakachetechete.

Ubongo ndi chiwalo chaching'ono poyerekeza ndi thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za m'thupi. Chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi, ndipo popeza susunga wambiri, umadalira kuti magazi azimubweretsa nthawi zonse pa mlingo woyenera.

Muubongo muli maselo pafupifupi 86 biliyoni amene amatumizirana mauthenga kudzera m'timinyewa tatitali. Palibe chigawo chimene chimagwira ntchito pachokha. Kuti mayi awerengere chenji pamsika, chigawo choona, chokumbukira ndi chopanga chiganizo zimayenera kulumikizana m'kanthawi kochepa kwambiri.

Njira yoyamba imene shuga amaonongera kulumikizana kumeneku ndi kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. Shuga akakhala wokwera kwa nthawi yaitali, timitsemphati timauma ndi kuchepa mkati, ndipo tina timatsekeka. Monga mmene mpunga wa kumapeto kwa sikimu ya Hara ungafotere ngalande zazing'ono zitatsekeka ndi matope, timinyewa ta mkatikati mwa ubongo timafooka magazi akamafika ochepa. Uthenga umadutsabe, koma mochedwa.

Njira yachiwiri ikukhudza insulini, yomwe imapangidwa ndi kapamba ndipo imathandiza kuti shuga alowe m'maselo a thupi. Ubongo nawo umagwiritsa ntchito insulini, makamaka m'chigawo chotchedwa hippocampus chomwe chimasunga zinthu zatsopano zimene munthu wamva kapena kuona. Mwa anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri, womwe umagwira kwambiri akuluakulu, thupi limaleka kumvera insulini, ndipo zithunzi za ubongo zaonetsa kuti mwa odwala ena chigawo chimenechi chimachepa msanga kusiyana ndi cha anzawo a msinkhu womwewo.

M'chaka cha 2012, akatswiri a ku Joslin Diabetes Center mumzinda wa Boston ku America adajambula ubongo wa gulu laling'ono la odwala shuga pogwiritsa ntchito makina a MRI. Iwo adapeza kuti zigawo zimene zimagwirira ntchito limodzi munthu akakhala phee n'kumalingalira kapena kukumbukira zakale zinali zosalumikizana bwino, ngakhale kuti pa mayeso a kuganiza odwalawo adakhoza mofanana ndi anthu opanda matendawa. Apa zidaoneka kuti kusintha kumayamba muubongo munthu asanazindikire vuto lililonse.

Mwa odwala ambiri, kusinthaku kumakhala kochepa. Munthu amatenga nthawi kuti amvetse malangizo, amavutika kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kapena amaiwala zimene wauzidwa posachedwa. Koma mwa ena vutoli limakula mpaka kufika pa matenda oiwalaiwala, pomwe munthu amasochera m'mudzi mwake momwe kapena kulephera kuzindikira abale ake.

Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2016, amene adaphatikiza zotsatira za anthu oposa 2 miliyoni m'maiko osiyanasiyana, adapeza kuti chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chimakwera ndi pafupifupi 60 peresenti mwa anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri. M'chaka cha 2024, gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet lidaika matenda a shuga pa mndandanda wa zinthu 14 zimene zitathetsedwa zingapewetse kapena kuchedwetsa pafupifupi theka la matenda oiwalaiwala pa dziko lonse. Kuthamanga kwa magazi, kusuta fodya ndi kumwa mowa mwauchidakwa zilinso pa mndandandawu.

Komabe ngozi siili pa kukwera kwa shuga kokha. Shuga akatsika kwambiri, ubongo umasowa chakudya nthawi yomweyo. Izi zimachitika kawirikawiri kwa odwala amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide kenaka n'kulephera kudya, monga mlimi amene walawirira kumunda kapena msodzi amene wachezera pa nyanja m'mimba muli pululu.

Zizindikiro zake ndi kutuluka thukuta, kunjenjemera, njala yadzaoneni, chizungulire ndi kulankhula zosamveka ngati munthu woledzera. Ngati wodwalayo akutha kumeza, apatsidwe msanga madzi osungunuliramo masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka, asamwetsedwe chilichonse koma athamangitsidwe ku chipatala.

Kafukufuku wa ku California amene adasindikizidwa m'chaka cha 2009 adaonetsa kuti okalamba amene adafika ku chipatala katatu kapena kuposerapo kaamba ka kutsika kwa shuga anali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chowirikiza pafupifupi kawiri. Kafukufuku winanso wa ku America ndi Canada wa m'chaka cha 2011 adapeza kuti kutsitsa shuga mwamphamvu ndi mankhwala ambiri sikudathandize odwala kuganiza bwino kuposa anzawo amene ankalandira chithandizo cha masiku onse. N'chifukwa chake mlingo wa mankhwala uyenera kusinthidwa ndi achipatala okha.

Vuto lalikulu ndi lakuti kuiwala ndi shuga zimakolezerana. Wodwala amene wayamba kuiwala amadumphitsa mankhwala, amamwa kawiri, kapena amaphonya tsiku lake la ku chipatala. Zikatero shuga amakwera ndi kutsika mosalongosoka, ndipo ubongo umapwetekeka koposa.

Apa m'pamene abale ali ndi udindo waukulu. Munthu mmodzi pa banja akhoza kumasunga buku la kuchipatala la wodwalayo, kuonetsetsa kuti mankhwala akumwedwa pa nthawi yake pamodzi ndi chakudya, ndi kumuperekeza ku chipatala kuti akafotokoze kusintha kumene akuona. Kuiwala kwina kumachizika, mwachitsanzo kumene kumadza ndi matenda a nkhawa kapena kuchepa kwa vitamini B12, komwe kumachitika mwa ena amene amwa mapiritsi a metformin kwa zaka zambiri.

Kumvetsa zimenezi kungatetezenso miyoyo. M'maboma ambiri m'dziko muno, kuphatikizapo Karonga, okalamba akhala akuzunzidwa powaganizira ufiti. Gogo amene wapezeka akuyendayenda usiku kapena akulankhula zosagwirizana akhoza kukhala kuti akudwala ndipo akufunika kupita naye ku chipatala.

Zimene zimateteza mtima ndi impso ndi zomwenso zimateteza ubongo. Odwala amalangizidwa kuchepetsa mitanda ya nsima, kondowole kapena mpunga m'mbale, kuchulukitsa masamba, nyemba ndi nsomba monga usipa, kuchepetsa mchere ndi zakumwa zotsekemera, komanso kusiya fodya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi n'kofunikanso chifukwa matendawa akaphatikizana ndi shuga amaonjezera ngozi ya sitiroko.

Malinga ndi WHO, chiwerengero cha anthu odwala shuga pa dziko lonse chidakwera kuchoka pa 200 miliyoni m'chaka cha 1990 kufika pa 830 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo chikukwera mofulumira kwambiri m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kuyeza shuga kumangofuna kadontho ka magazi a pa chala. Aliyense amene akumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda popanda chifukwa kapena kukhala ndi zilonda zosapola akuyenera kupita ku chipatala chimene ali nacho pafupi kuti akayezedwe matendawa asanafike ku ubongo.