Ndalama za inshulansi ndi bere loumba ku America

Mayi wa ku America akachotsedwa bere chifukwa cha khansa, madokotala angathe kumuumbira lina m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kuika kathumba ka silikoni pachifuwa, ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito thupi la mayi mwiniyo, monga opaleshoni yotchedwa DIEP, yomwe ndi kutenga khungu ndi mafuta a kumunsi kwa mimba ya mayiyo, osadula minofu, n'kukaziika pachifuwa. Dokotala amasoka timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri akuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo nthawi zambiri amatherapo maola 6 kapena kuposerapo. Kuyambira mu 1998, lamulo la Women's Health and Cancer Rights Act limakakamiza inshulansi imene yalipirira kuchotsa bere kuti ilipirirenso kuliumba. Koma lamulolo silinena kuti ilipire zingati, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Medicare, inshulansi ya boma yothandiza makamaka okalamba, inayamba mu 1992 kulipira madokotala potsatira nambala ndi mapointi amene ntchito iliyonse inapatsidwa. Njirayi inachokera m'kafukufuku wa William Hsiao wa ku Harvard, ndipo makampani ambiri a inshulansi anaitengera. Mukawerengera ndalama zimene dokotala amapeza pa ola, woika silikoni amaposa mnzake amene wawerama pa maikulosikopu tsiku lonse. Cha m'ma 2002 silikoni inapitirira njira zogwiritsa ntchito thupi la mayi mwiniyo. Zifukwa zina zilipo: amayi ambiri anayamba kuchotsetsa mawere onse awiri, ndipo ena safuna bala lachiwiri pamimba. Komabe sindikhulupirira kuti ndalama zinangoonerera.

Mphamvu ya nambala inaonekera poyera pamene CMS, bungwe loyang'anira Medicare, linalengeza kuti pa 31 Disembala 2024 lidzathetsa manambala apadera, monga S2068, amene madokotala ankalemba potumiza bilu ya DIEP ku makampani a inshulansi. Ntchito yovutayi ikanaphatikizidwa pa nambala imodzi ndi maopaleshoni ena akale, ndipo mantha anali akuti malipiro atsika mpaka madokotala n'kusiya kulandira odwala a inshulansi. Amayi amene anapulumuka ku khansa anadzuka, pamodzi ndi madokotala monga Elisabeth Potter wa ku Austin, Texas. Mu Ogasiti 2023 CMS inabweza ganizo lakelo. Opaleshoniyo palibe anailetsa. Kufufuta nambala kokha kukanaichotsa m'manja mwa mayi wopanda ndalama zakezake.

Pakati apa boma linali litayamba kale kusintha kalipiridwe konse. Lamulo la MACRA la mu 2015 linabweretsa ndondomeko ya MIPS, imene imayesa ntchito ya dokotala n'kumuwonjezera kapena kumudula malipiro a Medicare. Kudulako tsopano kumafika 9 peresenti. Palinso kulipira mtolo umodzi pa chithandizo chonse. Mu 2016 Medicare inayamba kutero m'madera ena pa opaleshoni ya chiuno ndi bondo, kuwerengera zonse mpaka masiku 90 wodwala atatuluka m'chipatala. Cholinga n'chabwino, chifukwa kulipira ntchito iliyonse payokha kumakopa anthu kuchulukitsa ntchito. Koma kuumba bere, kukonza munthu wopsa ndi moto kapena mwana wong'ambika mlomo sikutha ulendo umodzi. Ngati chipatala chiziluza ndalama bala likavuta, ndani adzathamangire kulandira mayi wa matenda a shuga, kapena amene khungu lake linauma ndi cheza chowotchera khansa (radiotherapy)? Dokotala wa plastic surgery, amene amachita maopaleshoni oumba thupi ngati amenewa, alinso ndi khomo lothawira limene anzake ambiri alibe: maopaleshoni okongoletsa thupi, amene inshulansi sikhudzako ndipo munthu amalipira yekha.

Kusinthaku kwakankhira kafukufuku ku funso limene linachedwa kufunsidwa: kodi mwini thupi akuti bwanji? Zipatala n'zozolowera kuwerenga imfa, mabala amene achita mafinya ndi odwala amene agonekedwanso. Zimenezi sizinena ngati mayi akutha kuvala zovala zake momasuka, kugona popanda ululu, kapena kukhala ndi mwamuna wake wopanda manyazi. Mu 2009 Andrea Pusic, yemwe panthawiyo anali ku Memorial Sloan Kettering ku New York, ndi anzake anatulutsa BREAST-Q, mafunso oyesedwa bwino amene mayi amayankha yekha, mayankho ake n'kusanduka manambala amene a inshulansi sangawakane msanga.

Kafukufuku wamkulu wa MROC, wochitika m'zipatala 11 za ku America ndi Canada, anagwiritsa ntchito mafunsowa. Anapeza kuti patapita zaka ziwiri, amayi amene anaumbiridwa bere ndi thupi lawo lomwe anali okhutira nalo kuposa amene anaikidwa silikoni. Anapezanso kuti zovuta za pambuyo pa opaleshoni zinali zochuluka mwa amayi okhutira omwewo. Ndiye ngati boma lingawerenge zovuta zokhazo, dokotala wa DIEP adzaoneka wolephera n'kudulidwa malipiro, pamene odwala ake ndi amene akusangalala kwambiri ndi zotsatira.