Ophunzira mafizo akuwoloka malire, koma kodi nzeru zawo zikufika kukomboni?

M'makomboni a m'mafamu a fodya ozungulira Mvurwi, Trelawney ndi Macheke m'dziko la Zimbabwe, si chachilendo kupeza bambo wachikulire ali gone pamphasa kuseri kwa chitseko, dzanja limodzi litapindikira pachifuwa, mwendo ukukana kuponda pansi. Mukafunsa, achibale amafotokoza kuti madalawo anagwa mwadzidzidzi ali kubalani, anathamangira nawo kuchipatala, ndipo atapatsidwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi anawatulutsa. Za mafizo adokotala ananena ndithu, koma ndalama yokwerera basi kupita ku Bindura, Chinhoyi kapena Marondera sabata ndi sabata ndiyo inasowa. Pakutha pa miyezi itatu chigongono chimakhala chitauma, ndipo zilonda zimakhala zitayamba m'chiuno.

Ambiri mwa okalamba amenewa amalankhula Chichewa. Makolo awo, kapena iwo eni, anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi kudzera ku Mutoko, ena pamalole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Kumudzi anawatcha machona. Chisanafike chaka cha 2000, m'mafamu akuluakulu a m'dzikoli munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, ndipo zigawo zitatu za Mashonaland ndizo zinali phata la ulimi wa fodya. Boma litayamba kugawa mafamuwo mu 2000, ambiri anachotsedwa ntchito osalandira malo, ndipo m'madera ambiri tizipatala ta pafamu tinatsekedwa. Ntchito ya alangizi a zaumoyo a m'mafamu, imene inayambira m'boma la Bindura kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la bungwe la Save the Children, nayo inazilala. Anthu anatsala ndi maganyu komanso matupi otopa: misana yopweteka chifukwa chowerama zaka makumi ambiri, mawondo otupa, mafupa amene anathyoledwa ndi thalakitala kapena ngolo nalumikizana mokhota.

Wina angafunse kuti nkhani ya ophunzira ndi aphunzitsi a mafizo opita kunja ikukhudzana bwanji ndi anthu otere. Ikuwakhudza kwambiri, chifukwa manja amene angawongole chigongono chouma chija ndi ochepa, ndipo maulendo a maphunziro ndiwo amawachulukitsa kapena kuwachepetsa.

Kumene akatswiriwa amasulidwa

Dziko la Zimbabwe linayamba msanga pantchito imeneyi poyerekeza ndi maiko oyandikana nalo. Litangolandira ufulu mu 1980, linali ndi anthu ambiri ovulala pankhondo pamene akatswiri a mafizo anali ochepa, okhala m'mizinda yokha. Boma linaganiza zoyamba kuphunzitsa othandizira akatswiri oti azikagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Sukulu yawo ili ku Marondera, likulu la Mashonaland East, pakati penipeni pa dera la mafamu. Mu 1982 bungwe la Red Cross linayambitsa ku Mutoko ntchito yothandizira anthu olumala m'makomo mwawo momwe, ndipo mu 1988 unduna wa zaumoyo unaitenga ntchitoyi n'kuifalitsa m'zigawo zina. Sukulu ya ukachenjede ya University of Zimbabwe inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 1987.

Ku Malawi zinthu zinachedwerapo. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kukhala katswiri wa mafizo ankayenera kutuluka m'dziko, ndipo ambiri ankapita ku Moshi m'dziko la Tanzania, kusukulu ya pachipatala cha KCMC. Ku Moshi komweko kuli sukulu ya TATCOT, imene kuyambira mu 1981 yakhala ikuphunzitsa opanga miyendo ndi manja oikirira ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine mumzinda wa Blantyre, sukulu imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Kachere, mumzinda womwewo, bungwe la MAP limene linakhazikitsidwa mu 1979 polimbana ndi kupuwala kobwera ndi poliyo lakhala likuphunzitsanso othandizira akatswiri. Ku Lusaka maphunzirowa amapezeka ku Evelyn Hone College ndi ku University of Zambia.

Nzeru zimene zinayenda n'kufika pansi

Pali zitsanzo ziwiri zosonyeza kuti kuyenderana kwa akatswiri kukachitika bwino, phindu lake limafika mpaka pamphasa ya munthu wosauka.

Choyamba ndi cha ana obadwa ndi mapazi opindika. Njira yowawongolera popanda opaleshoni yaikulu anaikonza dokotala Ignacio Ponseti ku Iowa m'dziko la America, koma kwa zaka zambiri inkadziwika ndi madokotala ochepa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inafika ku Uganda, ndipo posakhalitsa ogwira ntchito zachipatala ku Blantyre anaiphunzira. Phazi la khanda amaliwongola pang'onopang'ono n'kuliika m'chikhakha chimene amasintha sabata iliyonse kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, ndipo mwana amagona atavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo mpaka atafika zaka zinayi kapena zisanu. Nsapato zotsika mtengo zimene zimagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a kuno anazikonza ku Uganda katswiri wa mafizo wa ku Netherlands, Michiel Steenbeek, m'njira yoti mmisiri wa nsapato wamba angathe kuzisoka. Lero njirayi ikupezeka m'zipatala za m'zigawo ku Zimbabwe kudzera m'ntchito ya Zimbabwe Sustainable Clubfoot Programme.

Chachiwiri chinayenda mobwerera, kuchoka kuno kupita kunja. Mphunzitsi wina wa pasukulu yosula aphunzitsi ku Zimbabwe, Bevill Packer, anapeza luso lopanga mipando ndi matebulo olimba pogwiritsa ntchito makatoni, mapepala otha ntchito ndi phala la ufa lomatira. Akatswiri a mafizo ataona lusoli anayamba kupangira ana olumala ubongo mipando yowakhazika mowongoka ndi zowaimiritsira. Ku Lusaka gulu la APTERS, limene lili pachipatala chachikulu cha UTH, lakhala likupanga zipangizo zotere kuyambira mu 1990, ndipo lusoli linafalikira ku Kenya, Malawi ndi maiko ena. Mayi wa kukomboni amene mwana wake sakhala yekha safunikira mpando wochokera ku Ulaya. Makatoni olimba amapezeka pagolosale iliyonse.

Makomo otseguka ndi otsekeka

Kwa amene ali kale ndi digiri, mipata yokaphunzira kunja ilipo ingapo. Bungwe la Beit Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1906, limalipirira ophunzira a ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi okha, kuti akachite digiri yachiwiri ku Britain kapena ku South Africa. Boma la Britain lili ndi thandizo la Chevening la chaka chimodzi, limene limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri ndiponso alonjeze kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Thandizo la Commonwealth ndi lotseguka kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia, koma Zimbabwe inatuluka m'bungweli mu 2003 ndipo inapempha kubwereramo mu 2018. Aphunzitsi angapo a mafizo a ku University of Zimbabwe anachita maphunziro awo apamwamba ku University of Cape Town nabwerera kudzaphunzitsa ku Harare.

Kusinthana ogwira ntchito kumayenda mosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Munthu sapempha payekha. Sukulu kapena chipatala chimachita mgwirizano ndi chinzake, kenako chimasankha woti apite. Ndi mmene imayendera ndondomeko ya Erasmus+ ya maiko a ku Ulaya, imene kuyambira mu 2015 imalola sukulu za ku Africa kusinthana ophunzira ndi aphunzitsi ndi sukulu za kumeneko. Ndi mmenenso limagwirira ntchito bungwe la boma la Norway la Norec, limene kale linkatchedwa Fredskorpset. Chosangalatsa ndi bungwe limeneli n'chakuti limalipiriranso kusinthana pakati pa mabungwe awiri a maiko osauka okhaokha, popanda wina kupita ku Norway. Komanso pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha sukulu za ukachenjede kusungira ophunzira a maiko anzawo a m'chigawochi malo asanu pa malo 100 alionse.

Koma tisabisane, khomo lotulukira ndi lalikulu kuposa lolowera. Kuyambira mu 2020, pamene Britain inafewetsa malamulo olowera ogwira ntchito zaumoyo, anthu ochuluka a zachipatala a ku Zimbabwe anasamukira kumeneko. Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Zimbabwe pamndandanda wa maiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri moti maiko olemera sayenera kukakopako anthu mwadala. Malawi ndi Zambia alinso pamndandandawo. Sitingamudzudzule mnyamata amene malipiro ake sakwanira lendi akapita kumene luso lake likugulidwa bwino. Koma aliyense wochoka amasiya chipinda cha mafizo cha pachipatala cha boma m'manja mwa wothandizira mmodzi, ndipo maulendo a kumafamu ndiwo amayamba kufa.

Ulendo wa makilomita 600

M'maganizo mwanga, kusinthana kumene kungapindulire anthu a m'makomboni a ku Mashonaland si kwa ku London kapena ku Oslo, koma kwa ku Blantyre. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 600 pamsewu wodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ulendo wa tsiku limodzi pabasi, ndipo msewuwo umadutsa pa Mutoko pomwe paja.

Chifukwa chake ndi chilankhulo. Mafizo si jakisoni woti mubaye n'kuchoka. Wodwala ayenera kumva chimene akuuzidwa: kwezani phewa, tsamirani mbali yofookayo, pondani ndi chidendene. Ayeneranso kufotokoza ngati dzanja lachita dzanzi, likulasa kapena likuwotcha. Achinyamata a m'makomboni amalankhula Chishona bwinobwino, koma agogo ambiri Chishona chawo ndi cha pantchito chabe, ndipo sitiroko ikakhudza mbali ya ubongo yoyendetsa mawu, kawirikawiri chilankhulo chimene munthu anayamwira ndicho chimatsala champhamvu. Wophunzira wa ku Blantyre atabwera kudzagwira ntchito miyezi itatu ku Marondera kapena ku Bindura angalankhule ndi agogo amenewa popanda womasulira, ndipo mnzake wa ku Zimbabwe atapita ku Kachere angabwereko ndi mawu a ntchitoyi m'Chichewa. Zipangizo zina zilipo kale. Mafunso odziwika padziko lonse oyezera mmene wodwala akupezera, otchedwa EQ-5D, anamasuliridwa m'Chishona ndi akatswiri a ku Harare cha m'ma 2000, ndipo a Chichewa anayesedwa ku Malawi pa odwala ovulala mafupa n'kusindikizidwa mu 2017. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandanda, ngakhale kuti mwayi umenewo chinaupeza chifukwa cha ndondomeko ya zilembo basi.

Komiti ya zaumoyo ya pakiliniki, bungwe la ogwira ntchito m'mafamu la GAPWUZ kapena mpingo angathe kulembera mkulu wa zaumoyo wa boma lawo kupempha kuti ophunzira akamatumizidwa kumidzi, makomboni asaiwalike. Alendo otere akafika, kaya ndi a ku Harare kaya a kutsidya kwa nyanja, mlangizi wa m'deralo aziyenda nawo khomo ndi khomo. Aonetsetse kuti apempha chilolezo asanajambule wodwala, ndiponso kuti asanachoke aphunzitsa wachibale mmodzi zoyenera kuchita: kutembenuza wodwala wogona maola awiri alionse, kupinda ndi kuwongola mfundo zonse tsiku ndi tsiku, ndi kupewa kumudzutsa pomukoka dzanja lofooka chifukwa phewa limaguluka.

Chikalata chimene chimatsekereza ana a kukomboni

Katswiri amene sangathawe kukomboni msanga ndi amene anabadwira komweko. Koma kuti mwana afike ku Marondera amafunika kukhoza mayeso a O Level kuphatikizapo Chingerezi ndi sayansi, ndipo kuti afike kuyunivesite amafunika A Level ya maphunziro a sayansi. Ana ambiri a m'mafamu amagwera kutali asanafike pamenepo, chifukwa mwana wopanda chikalata cha kubadwa amavutika kulembetsa mayeso a boma. Vutoli linakula ndi lamulo la unzika la 2001, limene linachititsa kuti ana ndi zidzukulu zambiri za machona zilembedwe ngati alendo m'dziko limene zinabadwiramo.

Malamulo a 2013 anasintha zimenezi. Gawo 43 limanena kuti munthu amene anabadwira ku Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo panthawiyo, ndi nzika yobadwa. Mabanja ambiri m'makomboni sadziwa zimenezi, ena amaopa kupita kuofesi. Mlangizi angayambe ndi kulemba maina a ana onse opanda zikalata m'dera lake, kusonkhanitsa makadi awo a kusikelo ndi makalata a mphunzitsi wamkulu, ndi kupeza achibale oti akaikire umboni. Akatero apite nawo kuofesi ya kalembera ya boma lawo, kapena akhale okonzeka pamene akuluakulu a kalembera adzayendenso m'madera monga anachitira mu 2022.