Ndalama zadulidwa koma mayuniti sanabwere: zimakakamira pati, nanga mukadandaule kwa ndani?

Masiku ano ndi anthu ochepa m'tauni muno amene amakaima pamzere kukagula mayuniti a magetsi. Ambirife timangotenga foni, kudina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa TNM Mpamba, kulemba nambala ya mita, kuika PIN, basi. Zikayenda bwino, mphindi isanathe uthenga wa manambala 20 aja wafika. Koma tsiku lina zimangokana. Uthenga woti ndalama zachoka umafika msangamsanga, wa mayuniti kuli zii. Mita ikulira, mphika uli pa hotipuleti, ndipo ndalama yomwe inatsala m'foni ndi yomweyo yapitayo.

Mukaimba ku kampani ya foni, mumayamba mwamvera kanyimbo, kenako munthu akuuzani kuti iwo ndalama atumiza, mufunse kwa a magetsi. A magetsi nawo akuti kwawo sikunafike kanthu. Ejenti wa pamsika yankho lake ndi limodzi: "Ndi netiweki, bwana." Ndiye wolakwa ndani? Kuti mudziwe khomo loyenera kugogoda, ndi bwino kudziwa kaye njira yomwe ndalama yanu imadutsa.

Ndalama imadutsa m'manja atatu

Mukadina manambala aja, foni yanu imalankhula ndi makompyuta a kampani ya foni kudzera pa njira yotchedwa USSD. Njirayi sifuna intaneti, n'chifukwa chake imagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani, koma imakhala yotsegula kwa kanthawi kochepa ndipo imaduka netiweki ikangogwedezeka.

Mukaika PIN, makina osunga ndalama za m'foni amachotsa ndalama mu akaunti yanu n'kukutumizirani uthenga. Apa pathera gawo loyamba. Gawo lachiwiri, makinawo amatumiza pempho ku makina a ESCOM, omwe ndi okhawo amene amapanga manambala 20 aja. Gawo lachitatu, manambalawo amabwerera ku kampani ya foni kuti ikutumizireni pa SMS.

Ndiye pali malo atatu pomwe zinthu zingakakamire. Mwina ndalama yachoka koma pempho silinafike ku ESCOM. Mwina lafika, mayuniti apangidwa, koma yankho lasochera pobwerera. Kapena zonse zayenda, SMS yokha ndi imene yachedwa chifukwa cha kuchuluka kwa mauthenga, monga zimachitikira kumapeto kwa mwezi anthu akalandira. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri zikhoza kumakuuzani zoona koma inu n'kukhalabe mu mdima: aliyense akungoona chidutswa chake cha njirayo. Chimodzimodzinso mukamalipira madzi a mita ya pulipedi, kapena potumiza ndalama kuchoka ku banki kupita pafoni.

Bwanji wa kasitomala keya sangokubwezerani pompo?

Munthu amene amayankha foni yanu nthawi zambiri alibe mphamvu yobweza ndalama. Ntchito yake ndi kuona pakompyuta, kulemba dandaulo lanu ndi kulipereka ku ofesi ina. Ofesi imeneyo imayenera kuyerekeza mabuku ake ndi a kampani inayo kuti itsimikize ngati mayuniti anapangidwa kapena ayi, poopa kuti munthu angalandire zonse ziwiri, ndalama ndi mayuniti omwe. Apa ndi pamene pamachokera mawu aja oti "dikirani maola 24".

Kudikirako pakokha si vuto lalikulu. Chomwe chimawawa n'choti maolawo akatha palibe amene amakuimbirani, ndipo mukaimbanso mumapeza munthu wina, n'kuyambanso kufotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Apa ndi pomwe ambiri amangogwa ulesi n'kunena kuti zapita basi.

Zoyenera kuchita tsiku lomwelo

Choyamba, musafufute uthenga wodula ndalama uja. Muli nambala ya transaction yomwe ndi umboni wanu wonse. Popanda nambalayo mukungokamba nthano.

Chachiwiri, musathamangire kugulanso kawiri katatu. Nthawi zambiri mauthenga ochedwa aja amadzafika onse pamodzi, inu ndalama ya ndiwo itathera ku magetsi.

Chachitatu, yambani ndi kampani yomwe yadula ndalamayo, chifukwa mgwirizano wanu uli ndi iwowo. Mukaimba kapena kupita ku ofesi yawo, pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo lembani penapake tsiku, nthawi ndi zomwe akulonjezani. Mukadzaimbanso, yambani ndi nambala imeneyo. Ngati akuti mayuniti anapangidwa, apempheni akuwerengereni manambalawo kapena akutumizireninso. Ku ofesi ya ESCOM nakonso akhoza kuona zomwe zagulidwa pa nambala ya mita yanu.

Dziwaninso izi: manambala 20 aja amapangidwira mita imodzi yokha. Mukalakwitsa nambala ya mita pogula, sangalowe pa mita yanu ngakhale muyesere kakhumi. Ndiye dzina likaoneka pafoni musanaike PIN, liwerengeni kaye. Komanso ngati mita ikukana mayuniti atsopano pomwe nambala ndi yolondola, funsani ngati inasinthidwa pa ntchito ija yomwe tsiku lake lomaliza linali 24 November 2024, pamene mamita a mtunduwu m'maiko ambiri ankafunika kulowetsedwa manambala apadera kuti apitirize kulandira mayuniti.

Nanga mukatumiza ndalama ku nambala yolakwika? Apa liwiro ndiye mankhwala. Dziwitsani kampani nthawi yomweyo ndalamayo isanatapidwe, chifukwa wolandirayo akakatapa kwa ejenti nkhani imavuta kwambiri.

Kampani ikakunyalanyazani, pali akuluakulu ake

Anthu ambiri sadziwa kuti makampaniwa ali ndi owayang'anira, ndipo aliyense ali ndi gawo lake.

Nkhani ya ndalama za m'foni ndi za ku banki ili m'manja mwa Reserve Bank of Malawi. Bankiyi ndi imene imayang'anira njira zolipirira pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala.

Nkhani ya netiweki, ma bando, mayuniti oimbira foni ndi ma SIM ndi ya MACRA, yomwe imagwira ntchito pansi pa lamulo la Communications Act la 2016.

Nkhani ya magetsi, monga mita ndi mitengo yake, ndi ya MERA.

Ngati mukuona kuti mwachitidwa chinyengo pa malonda, mwachitsanzo kulipiritsidwa chinthu chomwe simunalandire, pitani ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe ambiri amangoti CFTC. Palinso bungwe loimira ogula la CAMA, lomwe si la boma koma limalankhulira anthu pa nkhani ngati zimenezi.

Konseku funso loyamba lomwe mungakumane nalo ndi lakuti, kodi kampaniyo munaiuza? Apa ndi pamene nambala ya dandaulo ija ndi masiku omwe munalemba zimagwira ntchito. Kalata yanu isatalike: dzina lanu, nambala ya foni, nambala ya transaction, kuchuluka kwa ndalama, tsiku, zomwe kampani inayankha, ndi chomwe mukufuna, kaya ndi ndalama yanu kaya mayuniti.

Chenjerani ndi "othandiza"

Munthu akakhala pa mavuto ndi pamene akuba amapezerapo mpata. Mukalemba dandaulo pa Facebook n'kuikapo nambala yanu, musadabwe wina akakuimbirani mwaulemu kwambiri, kunena kuti ndi wa ku kampani ndipo akufuna kukubwezerani ndalama. Kenako akuuzani kuti mutchule PIN, kapena mudine manambala ena ake pafoni panu. Dulani foniyo. Wogwira ntchito weniweni safuna PIN yanu kuti akuthandizeni, ndipo ndalama yobwezedwa imangolowa yokha popanda inu kudina kalikonse. Auzeninso agogo ndi achibale akumudzi omwe mumawatumizira ndalama, chifukwa ndi omwe amapusitsidwa kawirikawiri.

Kodi n'koyenera kuvutikira K5,000?

Ambiri amati thiransipoti yopitira ku ofesi iposa ndalama yomwe yasowayo, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma kuimba, kutenga nambala ya dandaulo ndi kulemba kalata pafoni sikufuna minibasi. Komanso mabungwe oyang'anira aja amadziwa kukula kwa vuto poona madandaulo omwe afika pa tebulo lawo. Tonse tikamangodandaulira m'maminibasi ndi m'magulu a WhatsApp, m'mabuku mwawo zimaoneka ngati zonse zili bwino. Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalamayo ndi yanu, munaikhetsera thukuta, ndipo kuifunsa si kupempha chifundo.