Mtendere wa ku Mua: Phunziro kwa Ophunzira ndi Antchito a Boma

M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Mtendere ndi Umodzi, limene likuti pakhale bungwe la dziko lonse ndiponso makomiti a m'maboma oyanjanitsa anthu. Akalaliki ndi aphunzitsi amene adzaitanidwa kuthandiza makomitiwa angachite bwino kuona zimene zinachitika ku Mua, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, m'munsi mwa mapiri a Dedza, pakuti kumeneko mkangano wa zaka zambiri unazizira pamene anthu ophunzira anayamba kumvera eni mudzi.

Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902. Pofika m'zaka za m'ma 1920 panali udani woopsa pakati pa mishoniyo ndi Nyau. Ansembe ankati gule akulanda ana m'sukulu, ndipo Mkhristu wolowa kudambwe ankamuletsa masakramenti. Akuluakulu a m'midzi nawonso ankati sukulu ikulanda ana m'manja mwa makolo. Milandu inafika ku Boma, koma chiweruzo cha Boma sichinachotse chidani m'mitima ya anthu.

Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, ena mwa aphunzitsi ake anayamba kufufuza gwero la mkanganowu. Bambo Matthew Schoffeleers ndi a Ian Linden analemba za nkhaniyi mu 1972, ndipo mu 1974 a Linden anatulutsa buku lofotokoza m'mene Achewa anakanira mishoni za Katolika kuyambira 1889 kufikira 1939. Iwo anaonetsa kuti Nyau sizinali kulimbana ndi maphunziro chabe. Zinali kuteteza mphamvu ya mfumu ya mudzi pa chinamwali, pa maliro ndi pa kulera achinyamata. Tsono zinaoneka poyera kuti mbali ziwirizo zinkakanganirana chinthu chimodzi: ndani adzaumba mwana wa m'mudzi.

Koma buku palokha siliyanjanitsa anthu. Ntchito ya kumudzi anaiyamba ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'dziko muno mu 1967, natsegula malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni pa Mua pomwepo mu 1976. Iwo anakhala pansi ndi osema, oyimba ndi akulu a gule kwa zaka zambiri, nalemba tanthauzo la zilombo ndi nyimbo zake, kufikira anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. M'nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare anasonkhanitsamo zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, ndipo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao anaiika pansi pa denga limodzi, ngakhale kuti makolo a mitundu itatuyi anathirana nkhondo m'chigwa chomwecho.

Pambuyo pake yunivesite inabweranso. A Martin Ott, amene anaphunzitsa za chipembedzo ku Chancellor College ku Zomba, anafufuza ntchito ya osema a KuNgoni, ndipo buku lawo linatuluka mu 2000 m'gulu la mabuku a Kachere. Motero nzeru za amisiri a ku Mua zinalowa m'kalasi ya ophunzira a digiri. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, gule yemweyo amene kale ankatchedwa ntchito ya mdima.

Sikuti zonse zinatha ayi. Nthawi ndi nthawi zimamvekabe kuti gule wasokoneza sukulu kapena wakangana ndi a mpingo pa maliro. Alipo akulu ena amene sakondwa kuona za kudambwe zili poyera pamaso pa alendo ndi osavinidwa, ndipo dandaulo lawo n'loyenera kulimva. Vuto lina n'lakuti mabuku ambiri ofufuzawa ali m'Chingerezi, kotero kuti nyakwawa ya ku Golomoti kapena mphunzitsi wa pulaimale ku Mtakataka sangathandizike nawo msanga. Wofufuza wotenga nzeru m'mudzi osabwezako kanthu afanana ndi mlendo wodya nsima natsazika ndi msana.

Chifukwa chake pali zinthu zitatu zoyenera kukumbukira. Choyamba, komiti ya mtendere isanaitane anthu ku bwalo, idziwe chimene mbali iliyonse ikuopa kutaya, ndipo pa ntchito yotere ofufuza a m'mayunivesite angathandize kwambiri. Chachiwiri, zimene ofufuzawo apeza zibwerere kumudzi m'chilankhulo cha eni ake, ndipo mphunzitsi ndiye mlatho wake. Chachitatu, mafumu, anamkungwi ndi akulu a mipingo akhale nawo kuyambira tsiku loyamba, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ku Mua panapita zaka zoposa makumi asanu ndi awiri kuchokera tsiku limene ansembe anafika kufikira tsiku limene wosema chigoba cha gule ndi wosema mtanda anagwira ntchito pa khonde limodzi. Makomiti a m'maboma sayenera kudikira nthawi yaitali chotero, popeza njira inalambulidwa kale.