Musanapale Limu, Yambani Mwaifunsa Utoto Wake

Munthu akagula galimoto yakalekale ndi cholinga chakuti aibwezere mwakale, maso ake amathamangira ku injini ndi ku bodi. Malimu, zitsulo zija zimene matayala amavalamo, amawakumbukira kumapeto, ndipo kawirikawiri amangowatumiza kokapalitsa dzimbiri asanawayang'anitsitse. Pamenepo ndi pamene pamatayika chinthu chimene ndalama sizingagule, ndicho umboni wa utoto umene limu inatuluka nawo ku fakitale. Ikabwerako ili mbee ngati mbale yokwechedwa ndi mchenga, chotsala ndi kungolota basi.

Ine ndinaphunzirira zimenezi pa njinga ya malemu bambo anga. Ndinaipala yonse ndi sandipepa tsiku limodzi, kenaka tinayamba kukangana ndi achimwene. Iwo ankati inali yobiriwira, ine ndinkati inali yakuda. Mlandu unatha titasolola foloko, chifukwa pa chitsulo chimene chimabisala m'kati mwa felemu panali patatsala utoto wobiriwira wodera kwambiri. Tonse tinakulira pa njingayo, koma maso athu anasunga zosiyana. Ngati zili chomwecho ndi njinga ya pakhomo, nanga bwanji galimoto imene inapangidwa agogo athu asanabadwe?

Titenge chitsanzo cha Ford Model A, galimoto ya ku America imene inaonetsedwa kwa anthu pa 2 December 1927 ndipo inapangidwa mpaka chaka cha 1931 chitatha, zonse pamodzi zoposa 4 miliyoni. Malimu ake ndi a masipoko ngati a njinga, koma masipokowo, amene alipo 30, ndi owotcherera, sakungika. Galimoto za 1928 ndi 1929 zinali ndi malimu a mainchesi 21, ndipo pafupifupi onse ankachoka ku fakitale ali akuda. Za 1930 ndi 1931 zinali ndi a mainchesi 19, ndipo m'zaka zimenezi ndi m'mene malimu a utoto wowala anabwera, makamaka pa galimoto zapamwamba zotchedwa De Luxe. Ena mwa maina a utotowo ndi Tacoma Cream, woyera mopita ku chikasu, Apple Green, wobiriwira mowala, ndi Aurora Red, wofiira. Sunkasankhidwa mwachisawawa ayi, unkayendera limodzi ndi kamzere kakang'ono kamene ankajambula m'mbali mwa bodi. Choncho munthu wopaka Apple Green pa galimoto ya 1928 wapanga chinthu chokongola ndithu, koma asamauze anthu kuti waibwezera mwakale. Tsiku logulitsa, wogula wodziwa adzaona, mtengo udzatsika, ndipo wogula wosadziwa adzakhala atanamizidwa.

Funso loyamba silikhudza utoto n'komwe. Kodi limu imene muli nayo m'manjayi ndi ya galimoto imeneyi? Pa zaka zoposa 90 galimoto imadutsa m'manja ambiri. Mabowo asanu a mabauti a Model A amagwirizana ndi a malimu a Ford za m'mbuyo mwake, monga a mainchesi 16 a chaka cha 1935, ndipo anthu ambiri ankasintha pamene matayala aakulu anayamba kusowa. Yesani kukula kwa limu iliyonse, ya sipeya yomwe. Mukatero werengani nambala yodindidwa kumanzere kwa injini, imene imasonyeza mwezi ndi chaka chimene injiniyo inapangidwa, ngati siinasinthidwenso. Koma dziwani kuti nambalayo sinena kanthu za utoto, pakuti Model A inalibe kachitsulo kolembapo nambala ya penti monga zilili galimoto za masiku ano.

Apa pali mfundo imene ikutikhudza ife a kum'mwera kwa Africa. Galimoto za Ford zobwera kuno nthawi imeneyo zinkachokera ku nthambi ya kampaniyi ya ku Canada, ndipo kuyambira mu 1924 zinkalumikizidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene mu 2021 unasinthidwa dzina kukhala Gqeberha. Zimadziwika ndi chiwongolero cha kumanja, nambala ya injini yoyamba ndi zilembo CA, komanso masikuluwu a bowo la ngodya zinayi otchedwa Robertson. Magulu awiri a ku America, Model A Ford Club of America ndi Model A Restorers Club, anasonkhanitsa malangizo a kabwezeredwe ka galimotozi, ndipo ndi othandiza zedi. Komabe mbali yaikulu ya zolembedwazo imanena za galimoto za ku America, kotero ya ku Canada mboni yake yoyamba ndi chitsulo chenichenicho.

Tsono chitsulocho mungachifunse bwanji? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani malo amene dzuwa ndi mvula sizinafikeko: kuseri kwa limu, pansi pa kachivundikiro ka pakati, ndi m'ngalande imene tayala ndi chubu zimaphimba. Tsukani ndi sopo, kenaka palani pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala, wonyowetsa, malo osaposa kukula kwa ndalama yachitsulo. Muona utoto ukutuluka m'mizere yozungulira, wa mwini watsopano pamwamba, wa akale pansi pake, mpaka wotsiriza wogundana ndi chitsulo. Wapansiwo ndiye wofunika. Upukuteni ndi polishi kuti uwale, chifukwa utoto wakale umachita mbuu pamwamba pomwe m'kati ukadali wamoyo. Chitani zimenezi pa malimu onse asanu. Atatu akagwirizana, awiri n'kutsutsa, mwina awiriwo ndi alendo.

Mukaupeza, musathamangire chithunzi cha pa foni kapena pa kompyuta, pakuti galasi lililonse limaonetsa utoto mwa njira yakeyake. Ngakhale timapepala ta zitsanzo ta m'mabuku akale a ogulitsa penti tinasuluka, ena tinadera, makamaka tofiira ndi tachikasu. Dzina nalonso silokwanira, popeza Tacoma Cream wosakaniza sitolo iyi ndi wa sitolo ina akhoza kusiyana poyera. Nyamulani limu yeniyeniyo kupita nayo kwa osakaniza penti. Ena ali ndi makina owerenga utoto, koma makinawo amafuna malo athyathyathya, pamene limu ndi yokhotakhota, choncho diso la mmisiri likufunikabe. Apopere kaye pa kachitsulo kapadera, kaume bwinobwino, kenaka mukayerekeze panja nthawi ya m'mawa, ndiponso pansi pa getsi madzulo. Utoto wina umafanana pa dzuwa koma n'kusiyana m'nyumba. Yang'ananinso kawalidwe. Utoto wa masiku ano wokutira ndi vanishi umanyezimira ngati wanyowa, ndipo pa galimoto ya 1930 umaoneka ngati nkhalamba yovala nsapato za mwana.

Poti magazini ino imawerengedwa m'mabanja, ndichenjezepo makolo. Utoto wambiri wakale, makamaka wachikasu ndi wofiira, unali ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana aang'ono ngakhale litachepa. Musapale pouma, musawotche limu pamoto kuti utoto uchoke, ndipo musagwirire ntchitoyi pabwalo pamene ana amakwawa kapena pamene amayi amayanika ufa. Zovala zogwirira ntchito zichapidwe pazokha. Utoto watsopano wosakaniza ndi mankhwala oumitsa nawo ndi woopsa ku mapapo, kansalu kapamphuno sikateteza, ndi bwino kuusiyira odziwa amene ali ndi zipangizo zake.

Popaka, musaunjike utoto m'mabowo mokhala manati ndi kumbuyo kumene limu imagundana ndi dilamu ya mabuleki. Utoto wochindikala umaphwanyika galimoto ikayenda, manati n'kukhwefuka, gudumu n'kuyamba kugwedera. Mukayenda ulendo woyamba waufupi, imani mumangenso manati onse. Lembani kasakanizidwe ka utotowo m'kabuku ka galimoto, ndipo kuseri kwa limu ya sipeya siyaniko kachigamba kamodzi ka utoto wakale osapaka, kuti amene adzatenge galimotoyo pambuyo panu adzapeze poyambira.