Buku la Anthu Osamuka M'manja mwa Ophunzira a ku Ulongwe

Tauni ya Ulongwe, imene pa nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Vila Coutinho, ndiyo likulu la boma la Angónia m'chigawo cha Tete, ndipo ili pafupi ndi Dedza kotero kuti anthu a mbali ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana ndiponso amayenderana pa maliro, ngakhale kuti ana awo amaphunzira m'zinenero ziwiri zosiyana. Malire amene anatsatira pangano la Britain ndi Portugal la 1891 anang'amba pakati dziko la Achewa ndi Angoni a Maseko, n'kusiya phiri la Domwe mbali ya Mozambique pamene likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakhala m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena pakati pa abale awo enieni. Motero wophunzira wa m'derali akapatsidwa buku losimba za banja losamuka, amafika pa tsamba loyamba atadziwa kale zambiri za nkhaniyo, ndipo chidziwitso chimenechi chimamuthandiza kwinaku chikumuphimba m'maso.

Mabuku awiri akuonetsa bwino zimenezi, lina la tsidya la Malawi, lina la tsidya la Mozambique. Loyamba ndi Nthondo, limene analemba Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo linapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitanthauzira m'Chingerezi pa mutu wa Man of Africa, ndipo masiku ano lili pakati pa mabuku amene ophunzira a ku Malawi amawerenga pokonzekera mayeso a MSCE. Ndi nthano yaitali, kutanthauza nkhani yopeka imene imadzaza buku lonse potsata moyo wa mtengambali wamkulu, yemwe ndi munthu amene zochitika zonse zimamuzungulira. Nthara amatsata Nthondo kuyambira pa kubadwa kwake, kudzera mu unyamata wa kuba ndi kusamvera, ulendo wake wokafuna ntchito kutali ndi kwawo, kubwerera kwake, ufumu wake, kufikira kutembenuka mtima kwake.

Chimene chimayamba kugwira wowerenga wachinyamata m'buku lotere ndi kuzindikira zinthu za kwawo. Mnyamata wochoka pamudzi chifukwa pakhomo palibe ndalama, anthu otsala amene amangomva mphekesera, munthu wobwerako ndi katundu komanso makhalidwe achilendo, zonsezi wophunzira wa ku Angónia waziona ndi maso, popeza ulendo wa ku Joni sunathe, wangosintha njira ndi mtundu wa ntchito. Pambuyo pa chisangalalo chimenechi pamabwera kutopa, chifukwa Chinyanja cha m'zaka za m'ma 1930 chili ndi mawu amene achinyamata sawagwiritsanso ntchito, ndipo mlembi amachedwa pa miyambo ya kubadwa, ukwati ndi maliro, pamene wowerenga akufuna kuti ulendo uyambe. Kenaka pamabwera chiweruzo chofulumira chakuti Nthondo anali wakuba ndipo mavuto ake anadziitanira yekha.

Chiweruzo chimenechi n'chimene bukulo lenilenilo limakonzera wowerenga, ndipo apa m'pofunika kusamala. Nthara analemba ali mkati mwa mishoni, motero ulendo wa kutali anauika ngati gawo la kusokera kwa munthu amene pomaliza adzapeza njira ya Chikhristu. Koma anthu zikwizikwi amene anapita ku Halale, ndiko kuti Salisbury, ndi ku migodi ya ku South Africa sanachoke chifukwa cha mtima woipa. Ku Nyasaland ankawathamangitsa ndi msonkho wa nyumba umene unkafunika kulipidwa ndi ndalama, pamene mbali ya Apwitikizi kunali chibalo, ntchito yokakamiza ya malipiro ochepa kapena yopanda malipiro, imene inachititsa mabanja ambiri a ku Tete kuwoloka malire usiku. Mabungwe olemba anthu ntchito monga Wenela anapeza anthu okonzeka kale chifukwa cha zipsinjo zimenezi. Wophunzira amene agogo a agogo ake anathawa chibalo ali ndi mphamvu yofunsa bukulo funso limene mlembi sanalifunse mokwanira, lakuti kodi munthuyo anachoka yekha kapena anachotsedwa, ndipo akazi ndi ana otsala kwa machona, amuna amene anapita osabwererako, anakhala bwanji. Mpingo umene unalera Nthara si wachilendonso ku Angónia, popeza amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mphatso m'derali mu 1909 Apwitikizi asanawatsekere mu 1922, ndipo lero mpingo wa Igreja Reformada uli ndi sukulu ya abusa ya Hefsiba ku Ulongwe komweko.

Buku lachiwiri ndi Terra Sonâmbula la Mia Couto, lofalitsidwa mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha. Couto anabadwira ku Beira mu 1955 kwa makolo amene anasamuka kuchokera ku Portugal, choncho iye mwini ndi mwana wa banja la obwera. Nkhani yake ndi ya mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir, amene achoka pa msasa wa othawa nkhondo n'kubisala m'basi yopserera m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene apeza makope olembedwa ndi mnyamata wina wotchedwa Kindzu, ndipo usiku uliwonse Muidinga amawerengera nkhalambayo zimene zili m'makopemo. Kwa wophunzira amene Chipwitikizi anachiphunzirira m'kalasi, masamba oyamba ndi olemetsa, chifukwa Couto amaumba mawu atsopano polumikiza mawu awiri, ndipo mtanthauziramawu sathandiza. Komabe basi yopserera ija si chinthu chofuna kumasulira kwa mwana wa ku Angónia, ngakhale anabadwa nkhondo itatha, popeza makolo ake anayenda m'misewu yotere, ndipo m'mabanja ambiri nkhani za nthawi imeneyo zimasimbidwa modukizadukiza kapena sizisimbidwa n'komwe.

Mbali ya bukuli imene imayesa wowerenga koposa ndi ya Surendra Valá, Mmwenye wa sitolo, ndi mkazi wake Assma, amene mtima wake unatsalira ku India. Surendra ndi bwenzi la Kindzu, koma anthu a pamalopo amamuona ngati mlendo wodyera pa iwo, ndipo zinthu zikasokonekera sitolo yake imatenthedwa. Pamenepa wophunzira amene wakhala akumvera chisoni othawa nkhondo, chifukwa ndi anthu a mtundu wake, amapezeka ataima mbali ya eni dziko, ndipo maganizo oyamba amene angamubwerere ndi omwe aja amene amamveka pamsika, akuti obwera amalemera msanga ndiponso sasakanikirana ndi anthu. Mphunzitsi wanzeru sathamangira kudzudzula maganizo amenewa, koma amawaika pafupi ndi zimene zinachitikira anthu a ku Mozambique ndi a ku Malawi ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, pamene nzika zina za dzikolo zinaukira obwera ndi mawu ofanana ndi omwewo. Kusintha mbali kotereku, kumene wowerenga amakhala wothawa pa tsamba lina n'kukhala mwini dziko pa tsamba lotsatira, ndiko phindu lalikulu la buku la mtundu uwu, ndipo dera la m'malire lili ndi mwayi wolimvetsa kuposa madera ena. Katswiri wa za chikhalidwe Harri Englund, m'buku lake la 2002 lonena za malire a Dedza ndi Angónia, anaonetsa mmene othawa ndi owalandira analili olumikizana pa ubale ndi pa zochita za tsiku ndi tsiku, kotero kuti kulekanitsa mlendo ndi mwini mudzi sikunali kophweka.

Chimene chimapha maganizo oyambawa ndi timabuku ta mayankho a mayeso, timene timapatsa wophunzira mndandanda wa atengambali ndi mfundo zazikulu asanawerenge n'komwe mutu woyamba. Kumeneko n'kumutafunira mwana chakudya pamene mano ali nawo. Njira yabwino n'kumulola alembe yekha tsamba limodzi atangomaliza mitu yoyambirira, anene amene wamukonda, amene wamuda ndi pamene watopa, kenaka asunge tsambalo kufikira atamaliza buku, kuti adzaone yekha pamene maganizo ake asintha ndi chimene chawasintha. Angathenso kufunsa wamkulu wa kwawo za chaka chimene banja linawoloka malire, anawalandira ndani, ndiponso munda anaupeza bwanji pobwerera.

Vuto lotsala ndi la chinenero ndi kapezekedwe ka mabuku. Mozambique inayesa maphunziro a zinenero ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete komanso Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo inayamba kuwafalitsa mu 2003, koma ndondomekoyi ndi ya ku pulayimale, pamene maphunziro a ku sekondale amayenda m'Chipwitikizi. Zotsatira zake n'zakuti Nthondo, buku lolembedwa m'chinenero chimene mwana wa ku Ulongwe amalankhula kunyumba, limawerengedwa m'makalasi a ku Dedza, pamene Terra Sonâmbula, losimba za nkhondo imene inadzaza midzi ya ku Dedza ndi alendo, mwana wa ku Dedza angalipeze m'Chingerezi basi ngati walipeza. Aphunzitsi a mbali ziwirizi, amene ena mwa iwo amagula mbatata pamsika umodzi wa Lizulu, angathe kusinthana mabuku awiriwa popanda kudikira kuti maunduna a zamaphunziro ku Maputo ndi ku Lilongwe ayambe agwirizana.